Lamulo la Pamatiresi

Bambo anayala mapu patebulo lodyera chaka chatsopano chitangolowa, ndipo kufikira mu Epulo aliyense wobwera kudzadya kwathu ankadyera pamiyendo. Amayi anadandaula sabata yoyamba yokha, kenako anangozisiya. Pa nkhani ya njinga yamoto iwo alibe mawu m'nyumba muja, ndipo amadziwa. Chinjinga chakuda cha Bambo anayamba kuchitchula kuti "mkazi mnzanga" ine ndisanabadwe, ndipo mpaka lero amati mwa akazi awiriwo, amene amafunditsidwa bulangeti labwino nthawi yachisanu ndi wa m'galajayo.

Ulendo umene ankakonzawo unali wochoka kwathu kuno kumigodi ya chitsulo, kumpoto kwa Minnesota, kutsata msewu wa Nambala 2 kulowera kumadzulo: North Dakota, Montana, kachidutswa ka Idaho, mpaka kukaviika tayala lakutsogolo m'nyanja yamchere ku Washington. Mamailosi oposa 1,700, kupita kokha. Opita tinali anthu asanu ndi awiri a m'kalabu yathu ya njinga, ndipo tinapangana kunyamuka sabata yomaliza ya Meyi, chipale chitasungunuka koma alendo okaona malo asanadzaze misewu.

Bambo anga, a Reino Kangas, ali ndi zaka 74, ndipo akhala akutsogolera maulendo a kalabuyi kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Mapu a pafoni amawayesa chibwana. Mtunda amayeza ndi ulusi wosokera wa Amayi, n'kulemba ndi pensulo ya ukalipentala papepala pomwepo. Ine ndimayendetsa chigalimoto cha boma chokankha chipale m'misewu, ndiye za misewu sindiuzidwa ndi munthu, koma ndivomere kuti zimene nkhalamba ija inalemba pamapu paja zinandigometsa. Anaika kamtanda paliponse pothirira petulo ku Montana, ndipo pamene timitandato tinatalikirana analemba kuti thanki ya njinga ya mnzathu Duane singafike, anyamule kachigubu. Analemba kuti tsiku lililonse tiziima dzuwa likadali pamwamba, chifukwa chakumadzulo agwape amadumphira mumsewu osayang'ana. Anasonyeza makona amene mchenga wothiridwa nthawi ya chipale umakhala usanasesedwe, ndi malo a ku North Dakota kumene mphepo imakukankhira mbali imodzi tsiku lonse mpaka khosi kuuma. Msewu wokongola wa m'mapiri a Glacier anaudula ndi mzere, n'kulemba kuti mu Meyi umakhala udakali wotseka, tidzadzera kumunsi. Ndinayesa kuwapezera cholakwa mwezi wonse wa Febuluwale, foni ili m'manja, koma sindinapeze ngakhale chimodzi. Ndinkanyadira, ngakhale sindinawauze.

Tauni ya Havre, pakati pa Montana, anaizunguliza ndi mzere wofiira. Pamenepo ndi pamene anabwerera zaka 45 zapitazo. Anali atanyamuka okha kupita kunyanja komweko, ndipo ataima kuti aimbe foni kunyumba anamva kuti Amayi athamangira nawo kuchipatala kudakali mwezi wathunthu kuti nthawi yawo yobereka ikwane. Anatembenuza njinga pomwepo. Mwana amene anawabwezayo ndine, Marlys, ndipo nkhaniyi ndakhala ndikuimva pa tsiku lililonse lokumbukira kubadwa kwanga. Chibwerereni tsiku limenelo, nyanja yamchere sanaionepo ndi maso. Chaka chino ananena poyera kuti uwu ndi ulendo wawo wautali womaliza, chifukwa mawondo ayamba kukana.

Koma kalabu yathu ili ndi lamulo, ndipo analipanga ndi iwo omwe. Loweruka loyamba la Meyi timakumana kuseri kwa galaja ya Duane Opsahl, n'kuyala chimatiresi chakale pasimenti. Aliyense wofuna kupita ulendo wautali amagoneka njinga yake pamatiresipo, n'kuidzutsa yekha. Palibe womugwirira, palibe womuuza chochita, ngakhale kutsokomola sikuloledwa. Akaidzutsa amalemba dzina lake m'mphepete mwa mapu. Mzere wapamwamba ndi wa wotsogolera, wapansi penipeni ndi wa wotsekera kumbuyo, ndipo wotsekera kumbuyoyo ndakhala ndili ine kwa zaka khumi. Wolephera amatsala kunyumba. Bambo ankati m'chidikha cha Montana ukhoza kugwa n'kutha maola awiri osaona galimoto, ndiye amene sangadzutse njinga yake alibe chifukwa choikwerera.

Lamulo limeneli linandiluma ine ndili ndi zaka 19. Ndinagoneka kanjinga kanga, ndinakoka, ndinakoka mpaka m'maso munachita mdima, koma sikanadzuke. Amuna onse anayang'ana pansi, ndipo Bambo anapinda mapu n'kunena kuti lamulo lilibe mwana. Ndinalira njira yonse yobwerera kunyumba, ndipo ndinatha mwezi osawalankhula. Amene anandichotsa manyazi anali mayi Ardis Tuominen, malemu tsopano, kamayi kakafupi kamene kankayendetsa njinga yolemera kuposa za amuna ambiri. Anandiphunzitsa kuti njinga sidzutsidwa ndi manja. Umaifulatira, n'kutsamiritsa matako pachishalo, n'kumaikankha ndi miyendo chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono. Chaka chotsatira ndinaidzutsa choncho pamaso pa onse. Bambo anandipatsa pensulo, koma anawonjezera kuti imeneyo ndi njira ya azimayi, mwamuna amayang'anizana nayo njinga yake. Mawu amenewo ndinawasunga zaka makumi awiri ndi zisanu. Ine zoterezi sindiiwala, ndinatengera iwo omwe.

Iwo ankadzutsa yawo moyang'anizana nayo chaka ndi chaka: kugwira mahandulo, kupuma kamodzi, n'kuimiritsa chitsulo cha mapaundi 800 anthu asanamalize kumwa khofi. Chaka chatha ndinaona kuti nkhope yawo inakhala yofiira nthawi yaitali kuposa kale, koma anakwanitsa.

Lamlungu lachitatu la Epulo ndinafika kwawo masana kudzadya. Amayi ananditsina khutu pakhomo pomwe kuti ndizungulire kugalaja, chifukwa bambo ako alowamo tikungochokera kutchalitchi ndipo sakutuluka. Ndinapeza mkazi mnzawo wa Amayi atagona chammbali pakapeti wakale, Bambo atakhala pachidebe, malaya atanyowa ndi thukuta. Zinali zoonekeratu kuti njingayo anaigoneka dala kuti adziyese, ndipo yawakana.

"Yaterereka," anatero osandiyang'ana.

"Pakapeti, Bambo? Kapeti ameneyu wayamba liti kuterera?"

Ndinene zoona: mtima wanga unayamba wakondwera. Ndinakumbukira mapu aja akupindidwa, ndipo ndinati chamumtima, chaona mnzako chapita, lero chili pa inu. Koma kukondwako sikunakhalitse. Ndinaona ulusi wa Amayi ukulendewera m'thumba la malaya awo, uja woyezera mtunda, ndipo chisoni chinandigwira. Munthuyu anali atatha miyezi inayi akuyenda ulendo umenewu ndi chala.

Ndinawauza kuti m'kalabu mulibe amene angawaletse kupita, kuti Duane ndi anzake angakondwe kuwachotsera lamulolo chaka chimodzi chokha. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati lamulo limene anakaniza nalo mwana wawo wobala okha sangalilumphe iwo, akatero ndiye kuti anandiliza pachabe. Mawu amenewo anandilowa, chifukwa aka kanali koyamba kuti avomere kuti tsiku lija ndinalira.

"Ndiye njira yatsala imodzi," ndinatero. "Ya azimayi ija."

"Iwe Marlys, usandiyambe."

"Sindikukuyambani, Bambo. Mukafuna khalani pachidebe pomwepo, ife tidzakubweretserani mchenga wakunyanja m'botolo."

Amayi, amene anali ataima pakhomo la galaja ndi nsalu yopukutira mbale paphewa, anangoti manyazi anapha lambe, chakudya chikuzizira, n'kubwerera m'nyumba. Tsiku limenelo njinga ndinaidzutsa ndine, iwo akuyang'ana kukhoma ngati akuwerenga masipanala. Koma Lachiwiri m'mawa anandiimbira foni n'kufunsa ngati ndingadzerepo ndikaweruka kuti ndidzaone buleki yakumbuyo. Bulekiyo inalibe vuto lililonse, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

Tinaphunzira pafupifupi masabata awiri, chitseko cha galaja chili chotseka kuti aneba asaone. Sindinaonepo wophunzira wamakani ngati Bambo. Ndikawauza kuti ayambe aika njinga m'giya kuti isagudubuzike, ankati zimenezo anazidziwa ine ndikuvala thewera. Ndikawauza kuti apotoze mahandulo mpaka kumapeto, anyonyomale chofulatira, dzanja lina ligwire handulo yapansi, lina chitsulo chakumbuyo kwa chishalo, chibwano chikhale m'mwamba, ankachita zonsezo, koma pomaliza n'kufuna kunyamula kamodzin'kamodzi ndi msana monga anazolowera. Ndinkawakalipira mmene iwo ankandikalipirira kale, ndipo sindinama, zinkandikoma. Ndinawauza kuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, aziponda timasitepe ting'onoting'ono. Anandiyankha kuti iwo anagwira ntchito kumgodi zaka makumi atatu, si tsokonombwe. Komabe tsiku lachisanu njingayo inanyamuka pakapeti kufika theka, ndipo ndinaona kuti iwo omwe adabwa.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali sitandi, kamwendo kachitsulo kamene njinga imatsamira ikaima. Pamatiresi timagoneka njinga chakumanja, ndiye sitandi imakhala mbali yakumwamba. Wodzutsa moyang'anizana nayo sailabadira, chifukwa njinga ikaima amakhala akuiona ndipo amaigwira. Koma wofulatira saona zimene zikuchitika kumbuyo kwake. Akapanda kutambasula sitandi asanayambe, njinga ikaima imapitirira n'kukagwera mbali inayo, nthawi zina n'kumukokera iye yemwe. Bambo anaiwala katatu, chifukwa zaka zonsezi manja awo sanazolowere kuyamba ndi sitandi. Kachitatu ndinaigwira mwamwayi, ndipo ndinapsa mtima mpaka ndinawauza kuti pa tsikulo sindidzaloledwa ngakhale kutsokomola, akadzaiwala adzazionera okha. Lachinayi lomaliza anaidzutsa kawiri motsatizana. Zikomo sananene. Anangonditsanulira khofi m'kapu yawo yachitsulo ya kumgodi, imene salola aliyense kumwera.

Loweruka lija kunacha kozizira, m'ngalande mudakali tizidutswa ta chipale chodetsedwa. Tinasonkhana cha m'ma teni m'mawa. Mapu anakhomedwa pachitseko cha galaja, pensulo ikulendewera pachingwe. Duane ndi chimunthu chachikulu, ndevu zofika pachifuwa ndi pakamwa posatseka. Mtima wake ndi wabwino, kungoti amalankhula lero n'kudzaganiza mawa. Anali atayala kale matiresi ndipo ankazungulira ndi mabanzi m'mbale, akulonjeza aliyense kuti chaka chino thanki yake ifika popanda kachigubu.

Mwa chizolowezi wotsogolera ndiye amayamba, koma Bambo anati chaka chino ayambe achinyamata. Anthu anayang'anana, osafunsa. Duane anadzutsa yake akubuula ngati ng'ombe yamngolo, ena anayi anatsatira, kenako ine ndinadzutsa yanga mwa njira yanga n'kulemba dzina pamzere wanga wapansi. Mzere wapamwamba aliyense ankausiya wopanda kanthu, chifukwa mwini wake ankadziwika.

Amuna awiri anathandiza kugoneka chinjinga chakuda chija pang'onopang'ono, poti pogoneka kuthandiza n'kololedwa. Duane anasendera pafupi n'kuyesa kunong'ona, koma kunong'ona kwa Duane kumamveka kutsidya kwa msewu.

"Achikulire, inu musadzivute. Ife takambirana kale. Ingolembani dzina, tonse tikudziwa kuti mumatha."

"Mwakambirana ndi ndani? Mwini lamulo si ndili pano?"

"Kapena tikupezereni ya matayala atatu ija. Imene ija ndiye siigwa."

"Imeneyo ukagulire apongozi ako, Duane. Tapatuka."

Anavula jekete n'kundipatsa. Anaika njinga m'giya, anapotoza mahandulo, kenako anatembenuka n'kuifulatira. Wina anaseka chamumphuno. Anthu amenewa anali atawamva Bambo akunyoza njira imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa iwo anathyolapo misana chifukwa choopa kusekedwa ndi nkhalamba yomweyi.

"Aa, madala," anatero Duane, "mwayamba za malemu mayi Ardis?"

"Za mwana wanga," anayankha Bambo. "Tseka pakamwa uphunzire."

Ananyonyomala, msana pachishalo, manja m'malo mwake, chibwano m'mwamba. Zonse monga tinaphunzirira. Ndiye ndinayang'ana mbali yakumwamba ya njinga, ndipo sitandi inali chipindireni.

Kutsokomola kunali pakhosi penipeni, ndipo palibe akanandiimba mlandu m'mawa wozizira ngati umenewu. Koma ndinkawadziwa Bambo. Ndikanatsokomola, akanamva, akanakonza sitandiyo, akanadzutsa njinga, kenako akanalengeza okha kuti athandizidwa ndipo sapita. Ndinafinya jekete lawo m'manja n'kuyang'ana pansi, mmene amuna aja anayang'anira pansi ine ndili ndi zaka 19. Tsiku limenelo ndi pamene ndinazindikira kuti iwo aja sanali kundinyoza, ankangolephera kupenya.

Bambo anakoka mpweya, manja analimba. Kenako anasiya zonse n'kuimirira. Aliyense anaganiza kuti agonja. Duane anayamba kunena kuti palibe chochititsa manyazi, zaka 74 si masewera, koma Bambo anamudutsa ngati mtengo. Anazungulira njinga, anawerama, anatambasula sitandi ndi dzanja, n'kuigogoda kawiri kuti aone ngati yakhazikika. Anandiyang'ana kamodzi kokha, nsidze zili m'mwamba, ngati akufunsa kuti unkayesa ndaiwala? Kenako anabwerera pamalo pawo.

Poyamba palibe chinasuntha. Nsapato zawo zinakhwekhwereza pasimenti, mitsempha ya m'khosi inatuluka, ndipo ndinkamva mpweya wawo ukulira m'mano. Kenako galasi lakumanja linasiyana ndi matiresi. Anaponda kasitepe kamodzi chobwerera, kenanso, kenanso. Atafika theka anaima, mawondo akunjenjemera moti buluku linkagwedezeka, ndipo mmodzi mwa anzathu anatambasula dzanja osadziwa. Duane yemwe uja ndi amene anamugwira mkono n'kumubweza. Bambo anakhala choncho ndikuganiza masekondi khumi, koma kwa ine anali ngati tsiku lathunthu la ntchito. Anaponda kasitepe kena kakang'ono kwambiri, kenanso. Njinga inaima chilili, inapendekera mbali inayo pang'onopang'ono, ndipo inakhala pasitandi yake ndi kaphokoso kakang'ono kachitsulo.

Anakhala chotsamira chishalo, maso ali otseka. Anthu anaomba m'manja. Duane anamina mokweza n'kunena kuti ndi chimfine cha nyengo ino. Ine ndinanyada kunyada kumene sindinakumvepo chibadwire. Ndinanyadira nkhalamba yamakani ija chifukwa inalolera kusekedwa pamaso pa anthu amene inawaphunzitsa kukwera, ndipo ndinadzinyadira ndekha, chifukwa miyendo inali yawo koma timasitepeto tinali tanga.

Atapeza mpweya anayenda kupita pamapu n'kugwira pensulo. Tonse tinkayembekeza kuti dzanja likwera pamzere wapamwamba. M'malo mwake anawerama mpaka pansi penipeni, pamene panali dzina langa, n'kulidula ndi mzere wakuda. Sindinaganize kanthu kena, ndinangoona mapu akupindidwa kachiwiri. Ndinatsala pang'ono kuwaponyera jekete lawo kumaso. Koma iwo, osafulumira, analemba pansi pa dzina lodulidwalo kuti Reino Kangas, kenako anawongoka n'kunditambasulira pensulo.

"Bambo, mzere wanu ndi wapamwamba uwo."

"Unali wanga," anatero. "Iwe ndi amene unandibweza pa Havre. Ndiye ndiwe undifikitse kunyanja."

Ndinalandira pensuloyo. Ndinalemba dzina langa pamzere wapamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo dzanja linkakanikiza kwambiri mpaka nsonga inaboola pepala. Bambo anasuzumira kabowoko, anakakhudza ndi chala, n'kunena kuti palibe kanthu, kumeneko ndi ku Canada, sitikupitako.